Kulira kwa Apongozi m'Chitini

Rafaelo Chimbalanga anabwerako ku Halale m'chaka cha 1956 atavala jekete la mabatani achitsulo, ali ndi ntchito imene munthu aliyense wa ku Dedza akanavutika kuifotokozera amayi ake. Ntchitoyo inali yoika mawu m'kanema.

Masiku amenewo kunali kagulu ka azungu kamene kankayenda m'midzi ndi kamera yogontha ngati chitsa. Ankajambula munthu akulima, akutsokomola, akuthamangitsa mbuzi m'dimba, koma filimuyo ikatsukidwa, anthu onse aja ankangoyasamula pakamwa ngati nsomba. Tsono pankafunika wina woti akhale m'chipinda, aziyang'ana chithunzi pakhoma, n'kumapanga phokoso lonse limene kamera inalisiya kumunda. Rafaelo anaphunzira zimenezi akusesa m'nyumba ya azunguwo ku Halale. Anasesa zaka zinayi makutu ali tcheru, mpaka tsiku lina mzungu wa mawu atadwala malungo, wosesa n'kukhala pampando.

Mkulu wa kaguluko kuno anali mzungu wina wa dzina lomveka ngati munthu watsamwa ndi fupa, choncho anthu ankangomuti Bwana Kaliwo, poti kaliwo sankachoka pakamwa pake. Iyeyu anapeza nyumba yakale yosungiramo kachewere kuseri kwa msika, anakhoma mabulangete ndi masaka m'makoma kuti phokoso lakunja lisalowe, n'kumupatsa Rafaelo anthu atatu oti awaphunzitse. Panali Gerevazio, amene kale ankaphunzitsa katekisimu ku Kabwazi ndipo ankayankhabe funso lililonse ngati akuimba. Panali Twaibu, telala wa pamsewu waukulu, amene anatengedwa chifukwa sankaopa chinthu chozungulira. Ndiye panali Jesinta, mayi wa ana anayi, woti akakuyankha umayamba wakhala pansi.

"Gerevazio," anatero Rafaelo tsiku loyamba, "moto umalira bwanji?"

"Umathetheka, aphunzitsi."

"Kolezani tiumve."

Anakoleza tizitsotso pachigubu, Rafaelo n'kuyandikitsa maikolofoni, imene iye ankaitcha khutu la makina. Atabweza tepi kuti amve, munatuluka kaphokoso kofooka ngati nkhalamba ikupemerera phala. Kenaka anatulutsa kapepala konyezimira ka paketi ya ndudu, n'kumakafinya pang'onopang'ono pafupi ndi khutu lija. Atabweza tepi, Jesinta anadzidzimuka n'kuyang'ana kudenga.

"Mwamva?" anatero Rafaelo. "Makina awa ali ngati mkazi wanga ndikachedwa ku mowa. Ndikanena zoona, sakhulupirira. Ndikanama mwaluso, amati pepani, mwavutika."

"Ndiye mwatiitanira sukulu ya bodza," anatero Jesinta.

"Ya bodza la ndondomeko, mayi. Bodza wamba mukulidziwa kale."

Anaphunzira zambiri m'nyumba ya kachewere ija. Mvula inali mawere othiridwa pamasamba ouma a nthochi. Munthu woyenda m'matope anali manja a Gerevazio m'beseni la madeya onyowa. Khasu lenileni pa makina linkamveka ngati supuni, ndiye ankabaya thumba la mchenga ndi chikwanje. Nkhonya inali kabichi womenyedwa ndi mpini, ndipo kabichi aliyense akamaliza ntchito ya boma ankapita kwa Jesinta kukakhala ndiwo. Anaphunziranso kudula tepi ndi lezala n'kulumikiza, kuchotsa chifuwa cha munthu pakati pa mawu ake, kusuntha kulira kwa tambala kuti kugwe pamene tambala wa pakhoma watsegula mlomo. Twaibu ndiye anali katswiri pamenepa. Ankati ndi chimodzimodzi kupinda buluku.

Mavuto anabwera ndi kanema wa zimbudzi.

Nkhani yake inali yaifupi. Amuna awiri, wina akumba chimbudzi, wina akana, amangopita kutchire akuimba mluzu. Wokumbayo anenepa, ana ake apita kusukulu. Wokanayo atsegula m'mimba, afa. Kumapeto kunali maliro: anthu akunyamula thunthu la nthochi lokulungidwa mumphasa, amayi akutsatira atafunda nsalu kumutu. Kamera inawajambula patali, chifukwa pafupi ankaoneka kuti akuseka.

Zonse zinayenda bwino mpaka pamenepo. Mluzu anaimba Twaibu. Za m'mimba anapanga Gerevazio ndi botolo la madzi, mwaluso loti Bwana Kaliwo anatuluka panja. Koma maliro amafuna kulira, ndipo matepi ankayenera kukwera sitima ya ku Halale pakutha pa masabata awiri.

"Mayi Jesinta," anatero Rafaelo, "imani apa. Mukaona mphasa yatulukira, yambani."

"Ndiyambe chiyani?"

"Kulira."

"Wafa ndani?"

"Palibe. Ndi nthochi."

"Aphunzitsi, ine ndili ndi ana anayi, onse amoyo. Ndilire maliro palibe wafa, mukufuna ndiitane uti mwa iwo? Tchulani dzina."

Rafaelo anatembenukira kwa Twaibu.

"Ine musandiyang'ane," anatero Twaibu. "Kwathu kulira mokweza ashehe amaletsa. Ndingathe kumuwerengera dua, pemphero lathu."

"Dua ya nthochi?"

"Nanga inu mukufuna misozi ya nthochi."

Gerevazio, poti anali munthu womvera, anafunda thumba kumutu, anachita chizindikiro cha mtanda, n'kuyesa. Atabweza tepi, anamva mbuzi yokodwa mumpanda. M'mawa mwake anabwera ndi chithupsa pakhosi, n'kunena kuti amulembe ntchito ina iliyonse, ngakhale ya m'mimba ija, koma iyi ayi. Rafaelo anapita kumsika kukapempha amayi ogulitsa kachewere. Anamumvetsera mpaka kumapeto mwaulemu, ndipo wina anamuponyera kachewere wowola amene anamupeza pakhutu penipeni.

Patatsala masiku asanu, uthenga unamupeza panjira. Ankachokera kokajambula kulira kwa ngolo ya ng'ombe, makina atawamangirira pakaliyala wa njinga. Apongozi ake aamuna, aYeremiya, ocheka matabwa m'nkhalango ya m'phiri, anali atamwalira ndi chibayo cha chisanu cha mwezi wa Juni. Rafaelo sanabwererenso ku Boma. Anakhotetsa njinga kulunjika kumudzi kwa mkazi wake, kufupi ndi Mphunzi, kumene iye anali mkamwini.

Pano ndiyenera kunena za apongozi ake aakazi, aNambewe. Zaka zisanu ndi zinayi chikwatirire Kristina, Rafaelo anali asanawayang'anepo kumaso. Mkamwini wa ulemu sachita zimenezo. Akakumana panjira, wina ankapatukira m'chimanga. Akafuna kulankhulana, ankauza Kristina, kapena khoma, kapena nkhuku yodutsa. Mukanamuonetsa amayi khumi n'kumufunsa kuti apongozi ako ndi ati, akanayang'ana zidendene. Koma mawu awo ankawadziwa kuposa a munthu wina aliyense. Anali mawu otsika, aakulu, omveka kutsidya kwa dambo popanda mwini wake kukweza.

Atafika, anaika makina m'dengu, anavindikira ndi thumba, n'kulikankhira pakhonde pa nyumba ya maliro kuti ana asaseweretse. Anagwira ntchito za mkamwini: anawaza nkhuni, anatunga madzi, anatumidwa ndi aliyense wa imvi. M'mawa mwake, pamene ankatulutsa mtembo m'nyumba, iye anali atakhala pakhonde pomwepo, dengu lili pambali pake.

Ndiye aNambewe analira.

Amayi ena anali akulira chifikire, koma uku kunali kwina. Kunayambira pansi, ngati munthu akukoka mtondo pabwalo, kenaka kunakwera, kunakwera, kukasweka pamwamba, n'kugwa. "Mayo ine! AYeremiya, mwandisiyira yani? Macheka anu ndiwauze chiyani?" Amuna amene ananyamula mtembo anaima pakhomo.

Pambuyo pake Rafaelo ankadziuza kuti chala chinangoterereka. Koma makina aja ankafuna kupukusa kaye chogwirira, kutulutsa khutu pansi pa thumba, n'kukanikiza batani lolimba ndi chala chachikulu. Chala choterereka sichichita zonsezo.

Atabwerera ku Boma analowa m'nyumba ya kachewere yekha, anatenga lezala, n'kudula paliponse pamene panali dzina la aYeremiya ndi macheka awo. Panatsala kulira kokhakokha. Anaganiza kuti kulira kopanda dzina n'kwa aliyense, ngati mvula. Anaitana ophunzira ake, anayatsa chithunzi pakhoma, ndipo mphasa itatulukira anatsegula tepi.

Itatha, Gerevazio anali atavula chipewa. Twaibu ankayang'ana pansi.

"Aphunzitsi," anatero Jesinta, "uyu si kabichi."

"Ayi."

"Mwawatenga kuti mayiwa?"

"Ndinabwera nayo ku Halale tepi imeneyi. Ndinaiwala kuti ndili nayo."

"Ku Halale amalira Chichewa cha ku Mphunzi?"

Rafaelo anayamba kupukuta makina amene anali oyera kale. Bwana Kaliwo atabwera kudzamva, kaliwo anamuzimira pakamwa, anamugwira Rafaelo paphewa n'kunena kuti ngakhale ku Ulaya sakanatha kupanga chotere. Matepi anakwera sitima tsiku lake.

Miyezi inapita. Atakolola, kumudzi kuja anafulula mowa wa m'meto. Abale onse anametedwa, aNambewe anavula nsalu yakuda ya kumutu, ndipo akuluakulu ananena mawu amene amanenedwa: maliro atha, womwalira wapita, wolira tsopano akumubweza panjira. Ansembe a ku mishoni sankaukonda mwambowu, koma tsitsi linali la eni ake. ANambewe anayambanso kupita kudimba, anayambanso kuseka. Rafaelo ankamva kusekako ali kuseri kwa nyumba, mtima n'kukhala pansi. Za tepi anaziika pamalo pamene munthu amaika zinthu zotere.

Lamulungu lina masana, iye ali pamwamba pa nkhokwe akufolera udzu, kunjira yochokera ku Lobi kunamveka kulira. Amayi asanu ndi awiri ankabwera mondondozana, malichero a ufa ali pamutu, wina atanyamula nkhuku, akulira monga amachitira anthu polowa m'mudzi wa maliro. Mudzi wonse unatuluka. Kristina anathamanga kukawerenga ana.

"Wafa ndani?" anthu anafunsa.

Amayi aja anasiya kulira n'kuyang'anana.

"Si inu mutiuze?" anatero wamkulu wa iwo. "Ife tamva aNambewe akulira."

"Kuti?"

"Kwathu ku Lobi, dzana, pagalimoto la kanema. Mawu a aNambewe tingawasokoneze ife? Tinavinidwa chinamwali chimodzi. Tinati kaya azungu ajambula maliro ena amene sitinauzidwe."

ANambewe anali ataima pakhomo pawo, mpeni wosendera maungu uli m'manja. Anafunsa funso limodzi lokha: "Ndimalira yani?"

Mayi wa ku Lobi uja anazengereza, anayang'ana nkhuku yake.

"Bambo wina wake. Wokana kukumba chimbudzi."

AYeremiya anali munthu woyamba kukumba chimbudzi m'mudzi umenewo, chokhala ndi chitseko cha matabwa ocheka okha. Anthu onse ankadziwa zimenezi. Ankadziwanso kuti m'dziko lonse la Mphunzi munali munthu mmodzi yekha woyenda ndi makina odya mawu. Mitu inatembenuka umodziumodzi, n'kuyang'ana pamwamba pa nkhokwe. Rafaelo anali ndi mtolo wa udzu m'manja. Anaganiza zoti akanangokhala kumwambako mpaka mvula.

Sanamuitanire kubwalo, sanamukalipire. Dzuwa litapendeka, Kristina anamuuza kuti akhale kuseri kwa nyumba ya amayi ake. Anakhala chonjuta, msana kukhoma, ndipo mawu aja anatulukira pawindo akulankhula ndi Kristina ngati iye kulibe.

"Uwauze bambo a Dorika kuti ndinameta. Ndinawaperekeza aYeremiya, ndinabwerako. Tsono ndikumva kuti ndikuwaitanabe ku Lobi. Andibwezere kulira kwanga, konse, Loweruka lisanapite. Ndiwotche ndekha kulirako. Akabweza, nkhani yatha, sindidzaitchulanso."

"Akapanda kubweza, amayi?" anafunsa Kristina ndi mawu aang'ono.

"Abweza. Si anthu a sukulu?"

Lolemba m'mawa Rafaelo anali pakhomo pa Bwana Kaliwo. Anafotokoza zonse, za dengu, za m'meto, za nkhuku ya ku Lobi. Mzunguyo anamvetsera, ndipo kunena zoona anamva chisoni. Anatsegula kabati, anatulutsa chitini cha tepi yoyamba ija imene inali itabwerako ku Halale, n'kumupatsa ndi manja awiri. Koma za kanema anapukusa mutu. Rafaelo ankadziwa kale yankho, poti iye yemwe ndiye ankawaphunzitsa anzake aja: ku Halale mawu ndi chithunzi amazisindikiza pafilimu imodzi, ndipo umenewo ndi ukwati wa kutchalitchi, palibe kusudzulana.

"Anasindikiza angati, bwana?"

Bwana Kaliwo anawerenga ndi zala. Zala za dzanja limodzi zinatha, n'kupita kwina. Asanu ndi anayi. Mmodzi ndi uyu wa galimoto la kuno. Ena ali ku Kabula, ku Halale, ku Lusaka, ena kumigodi. Akuluakulu amukonda kwambiri kanemayu, anatero, makamaka pothera pake.

"Sangawaitanitse?"

"Ndiwauze kuti chiyani, Rafaelo? Kuti mayi wina anameta?"

Rafaelo anabwerera kunyumba ya kachewere n'kukhala pathumba la mchenga. Ophunzira ake anali atamva kale. Ku Dedza nkhani imafika njinga isanafike.

"Lero tiphunzira chiyani, aphunzitsi?" anafunsa Jesinta. Sanafunse mwachipongwe, ndipo zimenezo zinamupweteka kwambiri.

Twaibu ndiye anabwera ndi nzeru. Galimoto la kanema linali pagalaja, likudikira chitsulo china, ndipo zitini za filimu anazisungitsa m'nyumba momwemo. Anatulutsa kanema wa zimbudzi, anakoka filimu cha kumapeto n'kuiyang'anitsa kudzuwa.

"Munati mawu amakhala m'kamzere aka ka m'mphepete?"

"Eya. Nyali imawala kudutsa m'menemo."

"Nanga nyaliyo ikapanda kudutsa?"

Anatumiza Gerevazio kukagula inki yakuda kusitolo ya aSulemani. Anatambasula filimu patebulo, Jesinta anagwira uku, Gerevazio uko, ndipo Twaibu anasongola nthenga ya nkhuku n'kuyamba kupaka kamzere kaja, pang'onopang'ono, ngati akusoka kolala ya shati ya ukwati. Rafaelo ankangowauza poyambira ndi pothera. Inali ntchito ya masiku awiri. Atayesa pakhoma, mphasa inatulukira, amayi anatsatira atafunda nsalu, ndipo m'chipindamo munali zii. Linali phunziro labwino kuposa onse amene anawaphunzitsapo, ndipo silinali lake.

"Mmodzi wagona," anatero Twaibu. "Atsala asanu ndi atatu."

"Tsono aphunzitsi," anatero Gerevazio, akutsitsa mawu ngati ali m'kachipinda kolapira, "ine ndinali munthu wa katekisimu, koma ndinena. Apatseni tepiyo, muwauze kuti ndi yomweyo. Wa kuno tamutseka pakamwa. Mayi wokalamba adzapita ku Lusaka kukatani?"

"Iwo sadzapita," anatero Jesinta. "Koma amuna a ku Mphunzi theka lonse lili kumigodi. Adzabwera pa Khirisimasi ndi masutikesi awo, aliyense ndi pakamwa pake."

"Pofika Khirisimasi mtima udzakhala utazizira."

"Wa ndani?"

Loweruka Rafaelo anamangirira chitini pakaliyala n'kuyamba ulendo. Njira yonse ankakonza bodza. Analidula, analilumikiza, anachotsamo zotsokomola. Pofika pamtsinje wa kumunsi kwa mudzi linali bodza losalala, loti iye yemwe anayamba kulikhulupirira. Kristina anamuchingamira panjira, anayang'ana chitinicho, anamuyang'ana iye.

"Ndi chimodzi chokha?"

"Cha tepi ndi chimodzi."

"Bambo a Dorika, ine sindinafunse za tepi. Koma amayi akafunsa, muyankhe zomwezo. Mwamva? Muyankhe zomwezo basi."

Anakhalanso kuseri kuja, msana kukhoma. Anamva Kristina akulowa, anamva chivindikiro cha chitini chikutseguka, kenaka kaphokoso ka tepi ikusololoka m'manja mwa munthu amene sanaigwirepo.

"Kachingwe aka?" anatero aNambewe. "Ine ndimayesa ndi chinthu chachikulu. Uwafunse bambo a Dorika. Ndikawotcha aka, ndiye kuti ndatonthola konse?"

Bodza lija linali pakamwa, lokonzeka. Anthu amene amamukonda Rafaelo amati chinamugwira ndi ulemu. Amene amamudziwa amati anakumbukira masutikesi a pa Khirisimasi. Iye mwini ankati chinamulepheretsa ndi khutu: mawu aja anafunsa mopanda msampha, ngati munthu wofunsa njira, ndipo iye anali atawabera kale kamodzi.

"Uwauze amayi," anatero kwa khoma, "kuti wa kuno tamutseka. Koma alipo ena."

Anamva Kristina akuusa moyo.

"Angati?"

"Asanu ndi atatu."

"Ali kuti?"

"Ku Kabula. Ku Halale. Ku Lusaka. Ena kumigodi."

"Ine ku Lusaka sindinafikeko," anatero aNambewe, osati kwa munthu aliyense. "Ndimalira kangati kumeneko?"

"Tsiku lililonse limene galimoto layenda. Kupatula Lamulungu."

"Lamulungu ndimapuma."

"Eya, amayi." Anaiwala n'kuyankha yekha, osadzera kwa Kristina, ndipo palibe anamudzudzula.

"Mpaka liti?"

"Mpaka filimuyo itatha. Imakalamba, imang'ambika."

"Imakalamba zaka zingati?"

Rafaelo ankadziwa yankho. Akadali ku Halale, iye yemwe anali ataphunzitsa oyendetsa magalimoto a kanema kupukuta filimu ndi kansalu kofewa, kuisunga pamthunzi, kusaigwira ndi manja a mafuta.

"Akaisamala, khumi. Kapena kupitirira."

Anamva nkhunda zikuyenda padenga. Kenaka anamva bokosi likukokedwa pansi pa bedi, ndi mawu a Kristina akuti, "Amayi, ayi, amayi." Sanafunike kuona kuti adziwe. Inali nsalu yakuda ija.

"Munthu sangavule maliro kuno akulirabe ku Lusaka," anatero aNambewe. Mawu awo anali bata, ngati akunena za mbewu. "Ndiye kuti aYeremiya sanapite. Aima panjira, akumva ndikuwaitana, ndipo akatembenuka akupeza ndikulira munthu wa kutchire. Ndiwadikira. Tsono Kristina, iwe ukudziwa mwambo. Maliro a bambo ako akadali m'nyumba, mwamuna ndi mkazi sagona mphasa imodzi, mungadule ana. Uwauze bambo a Dorika kuti sindikuwathamangitsa. Munda wawo ulipo, ana ndi awo, azibwera masana. Koma akagone ku Boma. Ndikadzatonthola, tidzawaitana."

Rafaelo anadikira kuti mwina pabwera mawu ena, aukali, oti munthu angapepese. Sipanabwere kanthu. Akanamutukwana, akanapita kwa ankhoswe ndi nkhuku. Akanamulipiritsa mbuzi, akanaipeza. Koma apa panalibe mlandu woti aweruze. Panali kudikira basi. Anamva fungo la tepi ikupsa pamoto, fungo loipa ngati la chiboda, kenaka Kristina anatuluka ndi bulangete lake atalipinda, osamuyang'ana.

Anayala m'nyumba ya kachewere, pakati pa thumba la mchenga ndi beseni la madeya. Masana ankaphunzitsa. Kunabwera kanema wa dibi la ng'ombe, kenaka wa thonje, ndipo ophunzira ake anafika poti sankamufunanso kwenikweni. Analembera kalata ku Halale katatu, m'Chingerezi chake chabwino cha zaka zinayi za kusesa, ndipo anamuyankha kamodzi, kumuthokoza chifukwa cha chidwi chake. Loweruka lililonse ankapalasa njinga kupita ku Mphunzi, kukalima mizere yake, kudya pakhonde ngati mlendo, n'kubwerera dzuwa lisanalowe. Akakumana ndi nsalu yakuda panjira, ankapatukira m'chimanga monga kale.

Anayamba chizolowezi chodikira basi ya ku malire. Akaona munthu watsika ndi sutikesi ndi chipewa chatsopano, ankamuyandikira, kumuthandiza kutsitsa katundu, n'kumufunsa za ulendo. Khirisimasi itayandikira anapeza wina wochokera kumigodi ya malasha, munthu wansangala wa ku Linthipe.

"Kumeneko amakuonetsani kanema?"

"Kawiri pa sabata, achimwene."

"Wa zimbudzi munamuonapo?"

"Iii, ameneyo ndiye timamudziwa pamtima!"

"Sanayambe kung'ambika? Kudukaduka pakati, kapena mawu kuzilala?"

"Ameneyo? Ali ngati watsopano. Woonetsa wathu ndi munthu waukhondo, amamupukuta ndi kansalu. Ndiye pamaliro paja, achimwene, anthu a kwathu kuno timakuwa kuti abwereze. Amabweza kawiri, nthawi zina katatu. Mayi ameneyo amalira ngati kumudzi kwenikweni." Munthuyo ananyamula sutikesi yake, n'kumuyang'ana Rafaelo mwachifundo. "Inu simunamuonepo? Mwatsalira. Mudzayesetse."